Kumene ndinakayezetsa ndodo zanga za gofu

Kuno ku Johannesburg malo oyezetsa ndodo za gofu kuti zigwirizane ndi kamenyedwe ka munthu alipo ambiri, koma ine ndinafuna munthu amene sagulitsa za kampani imodzi yokha. Wa kampani imodzi, ngakhale akhale wokoma mtima chotani, adzakusankhirani pa zimene zili pa shelefu yake basi.

Ndinafunanso komenyera panja, osati mu neti. Makina ngati TrackMan amayeza liwiro la ndodo ndi kazunguliridwe ka mpira, izo n'zoona, koma maso anga amafuna kuuona mpirawo ukutera pa kapinga. Pajatu mzinda uno uli pamtunda, mamita oposa 1,700 kuchokera panyanja, ndiye mpira umapita patali kuposa ku Durban.

Amene ndinamupezayo anamata tepi kunsi kwa ndodo yanga ya 7-iron n'kundiuza kuti ndimenyere pa kathabwa. Tepiyo inakalika chakuchidendene kwa mutu wa ndodo, mbali imene mutuwo walumikizana ndi ndodoyo. "Achimwene, ndodoyi yaimirira kwambiri, n'chifukwa chake mpira ukuthawira kumanzere." Anaipinda pang'ono, anasinthanso chogwirira kuti chikwane m'manja mwanga.

Musanapite, funsiranitu ngati ndalama yoyezetsa adzaichotsa pamtengo mukagula ndodo kwa iwo.