Mbuzi ya amalume pa mpikisano wa FIFA

Ku Ndirande, kufupi ndi Chinseu, ndinali ndi kashopu ka magemu: TV imodzi, PlayStation 4 imodzi, mapadi anayi (zogwira m'manja posewera gemu), ndi mabenchi amene ndinagula kwa mkulu wina video show yake itagwa. Loweruka lomaliza la mwezi timachita mpikisano wa FIFA, gemu ya mpira wa miyendo. Inde, a EA Sports, opanga gemuyi, anasiya dzinali mu 2023 n'kuyamba kunena kuti FC, koma uthengawo kwathu kuno sunafikebe. Vuto linali anthu. Amabwera anyamata omwewomwewo asanu ndi atatu, atatu mwa iwo olowa pa ngongole.

Njira zamakono ndinayesa. Gulu la WhatsApp linasanduka msika wa nsapato za kaunjika ndi mavesi a m'mawa. Pa Facebook amene anakonda chithunzi changa anali anyamata a ku Johannesburg, oti sangabwere. Mapepala amene ndinamata m'mitengo ya magetsi anaphimbidwa ndi a sing'anga wobweza mkazi wothawa, kungotsala nambala yanga m'munsi, moti bambo wina anandiimbira pakati pa usiku akulira.

Nzeru inachokera kwa mnzanga wowotcha kanyenya. "Aise, mphotho ya ndalama anthu saikhulupirira, amati mudyana nokhanokha. Munthu wa ku Ndirande amafuna aione mphothoyo ikupuma. Peza mbuzi."

Yogulira mbuzi ndinalibe. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kaphindu konse kamathera kukonzetsa mapadi. Koma amalume anga ku Lunzu anali ndi tonde wonenepa, wosungira chinkhoswe cha mwana wawo. Ndinawapempha kuti andibwereke, akangojambulidwa chithunzi cha malonda. Silinali bodza lenileni. Pashopu panga panali mnyamata amene palibe anamugonjetsapo, ndipo tinapangana kuti apambane monga mwa masiku onse, ajambulidwe atagwira chingwe, ndimupatse K10,000, tonde abwerere kwawo Lamulungu.

Wolengeza ndinapeza bambo uja woyenda ndi chinkuzamawu akugulitsa mankhwala a makoswe ndi nsikidzi. Ndinawalembera papepala bwinobwino: "Mpikisano wa FIFA pa PlayStation, Loweruka 9 koloko m'mawa, kulowa K1,000, wopambana atenga mbuzi." Ananyamuka Lachisanu masana, kamdzukulu kawo kakukoka tonde pambuyo. Pofika ku Goliyo, PlayStation inali itawalemera pakamwa, anaitaya. Pofika ku Makata, FIFA nayo inali itagwera m'ngalande. Uthenga umene unazungulira Ndirande yense unali wakuti: "Mbuzi ya K1,000! Mbuzi yamoyo, iyi mukuionayi, K1,000 yokha!"

Loweruka ndinapeza mzere wafika pamsewu. Amayi a mandasi, akabaza, abutchala atatu, amayi a kwaya atavala yunifolomu, agogo ena ndi ndodo yawo. Ndinakwera pabenchi kufotokoza kuti mbuziyo ndi yopikisanirana pa gemu ya mpira wa pa TV. Palibe anachoka. Munthu amene waona tonde ndi maso ake sabwerera chifukwa cha tsatanetsatane. Ndinalemba mayina mpaka 64 n'kutseka kope, mtima ukuvina. Kenako ndinawerengera. Anthu 64 ochotsana amafuna magemu 63. Gemu imodzi, theka lililonse mphindi 6, kuphatikiza kusankha timu ndi kukangana, imadya mphindi 15. Pa TV imodzi amenewo ndi maola pafupifupi 16. Ndinafupikitsa magemu mpaka pamene makina amalolera, n'kuyamba kupemphera.

Oyamba kukhala pabenchi anali agogo aja.

"Mwana wanga, ndipatse Bullets."

"Agogo, Maule mulibe m'menemu."

"Nanga Noma?"

"Nayonso mulibe. Matimu akuno sanawaikemo."

"Ndiye mpira wanji umenewu?"

Anasankha Liverpool chifukwa cha malaya ofiira. Ndinawaonetsa kuti X ndi yopatsira mnzako, batani lozungulira ndi loponyera kugolo, koma chala chawo chinakondana ndi batani la ngodya zinayi, lija logwetsera munthu chotsetsereka. Aliyense wodutsa pafupi amamusesa, ali ndi mpira kapena alibe. Khadi yofiira yachisanu itatuluka gemu inatha yokha, poti timu singapitirize ndi anthu osakwana 7. Agogo anaimirira n'kulengeza kuti refu wadya ndalama. Anthu anawaombera m'manja. Ine ndinangothokoza kuti apulumutsa mphindi zingapo.

Akuluakulu ataona kuti zala sizikuwamvera, panabadwa ganyu watsopano. Ana amene tsiku lililonse amawathamangitsa kuti akutaya nthawi ndi magemu anayamba kunyengereredwa: K200 ndi mandasi awiri kuti asewere m'malo mwa munthu. Abutchala anakwezerana mtengo pa kamnyamata kena mpaka kanapempha kuti aonjezerepo Fanta. Amayi a kwaya anali kumbuyo kwa mwana wawo akuimba nyimbo ya Davide ndi Goliyati.

Katswiri wanga uja anadutsa ndime ziwiri akuyasamula. Ya chitatu anakumana ndi kamtsikana ka Sitandade 7, kosewerera azakhali ake a mandasi. Kanakhala pansi, kanapukuta padi ndi chitenje, kanasankha Real Madrid osafunsa munthu. Tinamva pambuyo pake kuti achimwene ake anabwera ndi makina kuchokera ku Joni, ndipo iko ndi kamene kamawaliza kunyumba. Zinatha 4 kwa 1. Katswiri anati padi yake imakokera kumanzere. Zinali zoona, koma m'mimba mwanga munali mutayamba kale kubwadamuka ngati thobwa logonetsa.

Cha m'ma 2 koloko magetsi anathima. Ndinathamangira kwa ometa kukabwereka jenereta, ndinatuma wakabaza kukasaka petulo. Pobwerera ndinapeza tonde, amene ndinamumangirira ku mwendo wa tebulo kuti anthu azimuona, atatafuna chingwe cha HDMI, cholumikiza PlayStation ku TV, mpaka mawaya kuonekera. Chingwe si kanthu, china chinapezeka. Koma anali atadyanso tsamba la kope limene munali ndondomeko yonse ya amene wapambana ndi amene watuluka. Kangodya kokha kanali kakulendewera pakamwa pake. Nthawi yomweyo akufa onse anauka. Aliyense amene anagonja m'mawa analumbira kuti akadali mu mpikisano, ndipo agogo aja anabwerera pabenchi atapinda malaya.

Mkangano uli mkati ndinamva mawu odziwika kumbuyo kwanga.

"Mphwanga, chithunzi chija sanamalizebe kujambula?"

Amalume anali atamva kwa kondakitala wa minibasi kuti ku Ndirande kuli mbuzi ya K1,000, ya banga loyera pamphumi. Sanadikire yankho, anawerama n'kuyamba kumasula chingwe. Amayi a mandasi ndi a kwaya, amene tsiku lonse amanyozana, anagwirizana pompo n'kuwazungulira.

"Bambo, pano palibe wachidule. Mukaifuna mbuziyi lipirani ngati anzanu."

Ndinaona ndi maso anga amalume akutulutsa K1,000 kuti alowe mpikisano wolimbirana mbuzi yawo yomwe. Ana onse odziwa anali atalembedwa kale ganyu, choncho anagwira okha padi, chozondotsa. Anagoletsa chigoli chimodzi, kugolo kwawo.

Fainolo inaseweredwa 10 koloko ya usiku itadutsa, jenereta ikutsokomola. Kamtsikana kaja kanapambana, ndipo tonde anatsika ku Malabada pakati pa nthungululu, atamukoleka chitenje m'khosi. Nditachotsa za petulo, za chingwe, za ometa ndi za bambo wa chinkuzamawu, zotsala sizinakwane ngakhale miyendo iwiri ya mbuzi ya msinkhu umenewo. Amalume sanakalipe. M'mawa mwake anangonyamula TV, PlayStation ndi mapadi awiri abwinowo kuti zikhale chikole mpaka tonde wina atapezeka.

Mwezi wotsatira anthu anabwera ochuluka kuposa poyamba, ena kuchokera ku Chilomoni ndi ku Machinjiri, kudzafunsa kuti ulendo uno kuli chiweto chanji. Anapeza mabenchi okhaokha. Ku Lunzu ndikumva kuti ana akulipira K200 pa gemu pakhonde pa amalume. Dzulo anandiimbira okha.

"Mphwanga, ukundichedwetsa ndi mbuzi ija, koma si chimene ndaimbira. Kumapeto kwa mwezi ndikuika tambala. Unditumizire nambala ya bambo wa makoswe uja."