Lachitatu: fuluwenza, ndi sabata yachiwiri imene ndimaiopa

Benchi la odwala lero linali la anthu otsokomola okhaokha. Nyengo ya fuluwenza yafikadi. Woyamba kulowa anali mnyamata wa zaka za m'ma 20, maso ali psuu, thupi lili moto, mafupa onse akuphwanya. Akuti zamuyamba dzulo madzulo, mwadzidzidzi. Nditamumvetsera m'chifuwa ndinapeza mapapo ali bwinobwino, okosijeni m'magazi ili bwino, pa 98 peresenti. Pempho lake linali limodzi: "Adokotala, ingondipatsani makapisozi ndichire msanga, ntchito ikundidikira." Ndinamukaniza. Makapisozi amapha mabakiteriya, koma kachilombo ka fuluwenza sakakhudza n'komwe. Ndinamupatsa paracetamol, n'kumuuza kuti akapume, azimwa madzi ambiri, ndipo abwerenso msanga akayamba kubanika, kapena thupi likatenthanso atayamba kale kupeza bwino. Anatuluka asakukondwa.

Wophunzira amene tili naye mwezi uno anadikira kuti chitseko chitsekeke, kenako anafunsa: "Bwana, kachilomboka kali m'mphuno ndi m'kholingo, nanga bwanji msana ndi miyendo ndi zimene zikumupweteka?" Funso limeneli linandisangalatsa, moti mzere utachepa tinakhala pansi ndi pepala n'kuyamba kujambula.

Njira ya mpweya inakutidwa ndi mamina, ndipo pansi pake pali maselo okhala ndi tiubweya timene timakankhira zonyansa m'mwamba usana ndi usiku. Kachilombo kakadutsa pamenepo kamagwira selo pogwiritsa ntchito puloteni yake yotchedwa hemagglutinin, kamalowa, ndipo pasanathe tsiku selolo limakhala likutulutsa tizilombo tatsopano tambirimbiri. Puloteni ina, neuraminidase, ndi imene imadula tizilomboti kuti tichoke pa selo tipite kwina. Koma selo silingofa mwakachetechete. Likangozindikira RNA yachilendo m'kati mwake, imene ili malangizo a chibadwa cha kachilomboko, limatulutsa interferon, chenjezo limene limachititsa maselo oyandikana nalo kudzikhwimitsa kachilombo kasanawafike. Alick Isaacs ndi Jean Lindenmann anatulukira interferon ku London mu 1957, ndipo ankagwiritsa ntchito kachilombo ka fuluwenza komweka. Nako kachilomboka sikagona: kali ndi puloteni yotchedwa NS1 imene ntchito yake yaikulu ndi kutsekereza chenjezolo.

Apa ndi pamene pali yankho la funso lija. Maselo odwalawo pamodzi ndi asilikali a m'thupi oyamba kufika amatulutsa timauthenga totchedwa ma cytokine, monga IL-1, IL-6 ndi TNF. Timeneti timalowa m'magazi, timafika ku ubongo n'kuuchititsa kukweza kutentha kwa thupi, timaphwanyitsa minofu, timachotsa chilakolako cha chakudya. Kachilombo sikanapite kumiyendo. Zimene mnyamata uja akumva kumeneko ndi thupi lake lomwe likumenya nkhondo.

Amene ndimawakonda kwambiri pa asilikali onsewa ndi ma macrophage a m'timatumba ta mpweya. Munthu wamkulu ali ndi timatumba timeneti pakati pa 300 ndi 500 miliyoni, ndipo khoma la kathumba kalikonse ndi lopyapyala kwambiri kuti okosijeni izidutsa mosavuta kulowa m'magazi. Malo otere safuna chipwirikiti. Nchifukwa chake ma macrophage a kumeneko, moyo wawo wonse, amameza fumbi, utsi ndi mabakiteriya osochera popanda kuitana aliyense kapena kuyambitsa kutupa. Fuluwenza ikatsika mpaka kumeneko, mtendere umatha. Asilikali ena otchedwa ma neutrophil amakhamukira kuchokera m'magazi, enanso otchedwa maselo a NK amayamba kupha maselo odwala, ndipo mitsempha ing'onoing'ono ya magazi imayamba kudontha madzi. Zikapitirira muyezo, madziwo amadzaza timatumba ndipo munthu amabanika. Chitetezo chochepa chimapha, chopyola malire chimaphanso.

Nkhondoyi ili m'kati, maselo otumikira ngati amithenga, otchedwa ma dendritic cell, amatola tizidutswa ta kachilombo n'kupita nato ku anabele a m'chifuwa. Kumeneko amafufuza, pakati pa asilikali otchedwa maselo a T, ochepa kwambiri amene angazindikire kachilombo kameneka, ndipo akawapeza, maselowo amachulukana. Zimatenga pafupifupi sabata kuti maselo a T a mtundu wa CD8 afike m'mapapo ali ochuluka n'kuyamba kupha selo lililonse limene muli kachilombo, kwinaku asilikali ena, maselo a B, akupanga ma antibody, mapuloteni omamatira kachilombo kuti kasagwirenso maselo. Palibe kapisozi amene angafulumizitse ulendo umenewu. Chifuwa chimakhalitsa kuposa apo chifukwa maselo a tiubweya aja amakhala atasupuka, ndipo kuti amerenso pamapita masabata.

Masana ndi pamene tsiku linalemera. Mayi wina anabwera ndi mayi ake, agogo a zaka zoposa 70 amene ankadwala fuluwenza, atawakhazika pa njinga ya odwala. "Anali atayamba kuwongokera, adokotala. Dzana anadzuka okha n'kumayenda. Usiku wathawu thupi latenthanso, akunjenjemera, akuti pambali apa pakubaya." Mawu amenewo amandiimitsa mutu nthawi zonse. Ankapuma maulendo opitirira 30 pa mphindi, okosijeni ili pa 86, makhololo ali ofiirira, ndipo m'munsi mwa papo lakumanja munkamveka kuthetheka. Chibayo. Tinawaika pa okosijeni nthawi yomweyo n'kuyamba kuwabaya mankhwala opha mabakiteriya.

Wophunzira uja anandiyang'ana, ndipo ndinadziwa chimene chinali m'mutu mwake: m'mawa takaniza, masana tikubaya. Ndinamuuza kuti awa ndi matenda awiri, achiwiri akulowera pakhomo limene oyamba asiya losatseka. Fuluwenza ikamatha, tiubweya totsuka njira ya mpweya timakhala titapita, ma macrophage ambiri atafa, ndipo otsalawo samezanso mabakiteriya mwamphamvu ngati kale. Ena mwa ma cytokine amene anathandiza kugonjetsa kachilombo ndi amene amawafooketsa. Ndiye mabakiteriya monga Streptococcus pneumoniae, amene anthu ambiri amakhala naye m'mphuno osadwala, kapena Staphylococcus aureus, amatsika n'kupeza mapapo opanda mlonda. Mliri wa fuluwenza wa 1918 unapha anthu pafupifupi 50 miliyoni, ndipo mu 2008 David Morens, Jeffery Taubenberger ndi Anthony Fauci, ataunikanso zidutswa za mapapo zimene zinasungidwa kuchokera nthawi imeneyo, anapeza kuti ambiri anamalizidwa ndi chibayo cha mabakiteriya chobwera pambuyo pa fuluwenza.

Zimandiwawa ndikamva anthu, ngakhale anzanga ena pantchito, akunena kuti "ndi chimfine chabe". World Health Organization imati fuluwenza ya chaka ndi chaka imapha anthu pakati pa 290,000 ndi 650,000 kudzera m'matenda a m'mapapo. Ambiri mwa iwo ndi okalamba, ana aang'ono, ndi amene ali kale ndi matenda a mtima, shuga, mphumu kapena chitetezo chofooka. Munthu akachira, maselo ena a T amatsalira m'mapapo momwemo kudikira kachilombo kakadzabweranso, koma amanka nachepa pakapita miyezi, ndipo kachilombo nako kamasintha hemagglutinin yake pang'onopang'ono mpaka ma antibody akale osakazindikiranso bwino. Nchifukwa chake katemera wake amakonzedwanso chaka chilichonse.

Ndisanaweruke ndinadutsanso ku wodi. Okosijeni ya agogo inali itakwera kufika pa 93, koma kupuma kukadali kwa phuma, choncho ndapempha anamwino a usiku kuti aziwayeza pafupipafupi ndi kundiimbira ikangotsika. Ndili pomwepo ndinaona mwana wawo uja akunjenjemera atadzifunditsa. Nditafunsa, anati mutu ndi thupi zayamba kumupweteka m'mawa, ndipo ndi woyembekezera. Kwa mayi woyembekezera fuluwenza sitiidikira kuti tione mmene ithere. Mankhwala a fuluwenza otchedwa oseltamivir amatsekereza neuraminidase ija ndipo amagwira bwino kwambiri akayambidwa m'maola 48 oyambirira, choncho tamuyambitsa lero lomwe, ndipo ndawapempha kuti apeze wachibale wina wodzagonera agogo usiku uno.