Sabata ino ku labu: ma atomu omwewo, kuwala kosiyana

Lolemba ndinasungunula ka compound kathu ka o-carborane (ortho-carborane) mu THF, mankhwala osungunulira zinthu, n'kuyatsa nyali ya UV, kuwala kwake kofooka zedi mpaka mnzanga wa pa benchi ina anandifunsa kuti "achimwene mwayatsa kale nyaliyo?" Koma ufa womwewo ukakhala wouma umawala bwinobwino. Carborane ndi kakhola ka ma atomu 12, ma boron 10 ndi ma kaboni awiri, ndipo mu ortho ma kaboniwo amakhala moyandikana, ife tinamangirirapo ring ya aryl (mkombero wa ma kaboni ngati wa benzene) pa kaboni mmodzi.

Nkhani yonse yagona pa bond ya pakati pa ma kaboni awiriwo. Kutalika kwake ndi cha m'ma 1.6 Å (angstrom, muyeso wa mtunda pakati pa ma atomu) koma molekyulu ikangolandira kuwala bond ija imatamuka, ndiye mu solution imangotamuka n'kubwerera, ring nayo ikuzungulira mmene ikufunira, mphamvu yonse n'kuthera ku kutentha osatulutsa kuwala. Lachiwiri ndi Lachitatu ndinakhalira kuthira madzi pang'onopang'ono mu THF muja, madzi atachuluka ma molekyulu anaunjikana, kusowa poyendera, botolo n'kuyamba kuwala. Imeneyi ndi AIE (aggregation-induced emission, kuwala kobwera ma molekyulu akaunjikana) ija gulu la Ben Zhong Tang linaitchula dzina mu 2001. Ndaziwonapo kambirimbiri koma zimandisangalatsabe mpaka pano.

Chinandigwira mtima kwambiri ndi mmene ring yakhalira. Ikaima mopingasa ndi bond ya C–C, electron imasamukira ku khola ndipo kuwala kumapendekera ku chikasu kapena kofiira, ikagona motsatana ndi bond ija mumangopeza buluu wa ring yokha. Tinayesanso meta, momwe ma kaboni sali moyandikana, kuwala kwa chikasu kapena kofiira kuja kunalibe.

Lachinayi makina oyezera kuwala a fluorimeter anali ndi anthu ena ndiye ndinangokhala pa kompyuta kukonza ma graph.

Lachisanu ndinkafotokozera ophunzira atsopano za B18H22, borane ya boron ndi hydrogen basi, pomwe mulibe ngakhale kaboni. Ili ndi ma isomer awiri, anti ndi syn, ma atomu omwewo koma oyalidwa mosiyana: ya anti ikasungunulidwa mu cyclohexane imawala buluu ndi quantum yield ya 0.97 (pafupifupi kuwala konse komwe yalandira imatulutsanso), mu 2015 anapanga nayo laser yoyamba ya borane, pomwe ya syn, fomula yomweyo ndendende, siwala n'komwe. Ine ndimaona kuti tisamathamangire kusintha ma substituent (timagulu tomangirira pa khola) tisanaone crystal structure, n'chifukwa chake ma crystal a ortho ndawasiya akule weekend ino, Lolemba apite ku X-ray tikayeze mmene ring yakhotera.