Sabata yosaka mbalame popanda legeni

Ntchito yanga ndi yoperekeza anthu kukaona mbalame. Ndimakhala ku Zomba, ndipo kwa munthu wa ntchito ngati yangayi palibenso malo oposa kuno: phiri lili pakhomo, nyanja ya Chilwa ili kum'mawa, ku Liwonde ndi ulendo wa ola limodzi. M'Malawi muno mwaonekapo mitundu ya mbalame pafupifupi 650, koma ondiimbira foni safuna pumbwa kapena njiwa. Amabwera ndi kapepala ka mayina ochepa, ndipo mayinawo amakhala omwewomwewo chaka ndi chaka.

Sabata yathayi kapepalako kanabwera ndi anthu akonkuno, atatu ochokera ku Blantyre: bambo wina wopuma pantchito, mayi wina mphunzitsi wa sekondale, ndi mnyamata wa kuyunivesite wonyamula kamera yobwereka. Kale alendo anga onse anali otsika ndege ku Chileka kapena ku Lumbadzi. Masiku ano Amalawi ayamba kubwera, ndipo amandisangalatsa chifukwa sathamanga. Akaphonya mbalame amadziwa kuti phiri silisamuka.

Lolemba ndinakwera phiri ndekha, alendo asanafike. Tsiku limeneli palibe amene amandilipira, koma ndi limene limagwira sabata yonse. Pamwamba pa kapepala panali Thyolo alethe, kambalame kofiirira kumsana, kotuwa kumutu, koyera pakhosi, komwe kamakhala pansi m'nkhalango zowirira za m'mapiri a kummwera kuno ndi m'mapiri angapo a ku Mozambique monga Namuli ndi Mabu. Kwina kulikonse padziko kulibe. Ungathe kuyenda nkhalango yonse osakaona, pokhapokha utadziwa chinthu chimodzi: kamatsata linthumbu. Linthumbu likamayenda, ziwala, akangaude ndi tizilombo tina timatuluka m'masamba owuma kuthawa, kambalameko n'kumangotola. Choncho ine sindisaka mbalameyo, ndimasaka linthumbu. Ndipo amene amadziwa kumene linthumbu ladutsa si ine wa mabayinokula, koma amayi otola nkhuni, poti ndi amene limawaluma.

Ndinawapeza akumanga mitolo m'mbali mwa msewu wopita ku Chingwe's Hole.

"Mwaswera bwanji amayi? Adani anu aja mwakumana nawo kuti lero?"

"Inu achimwene ndi linthumbu lanulo! Pitani kukhwawa uko, kumtunda kwa pamene tinakumana tsiku lija. Latitayitsa mitolo m'mawawu, chitenje ndinachita kukutumula."

Ndinapita, ndinalipeza mzere wake uli bii kudutsa kanjira, ndinaona kumene ukulowera, n'kubwerera. Linthumbu silikhalitsa malo amodzi, choncho uthenga wa Lolemba umagwira ntchito Lachiwiri, pofika Lachisanu ndi mbiri yakale. Potsika ndinagula mbale ya zipatso za mulunguzi kwa ana a amayi aja osanenerera mtengo. Si malipiro, koma amene amanenerera pa zipatso asayembekezere kuuzidwa za linthumbu mawa lake.

Lachiwiri tinanyamuka 5 koloko isanakwane. Phiri la Zomba anthu ambiri amalidziwa ndi mitengo ya paini, koma m'paini mulibe chathu. Mbalame zomwe timafuna zili m'tizigawo ta nkhalango yachilengedwe totsala m'makhwawa ndi m'mphepete mwa mtsinje wa Mulunguzi, ndipo tizigawoto tikuphwa chaka ndi chaka ndi moto ndi nkhwangwa. Yoyamba sinativute. Yellow-throated apalis, kambalame kachikasu pakhosi ndi pamimba kokhala ndi mkanda wakuda pachifuwa, kanali kakulira kale tisanatseke zitseko za galimoto. Iyi ndiye mbalame yokhayo yomwe imapezeka m'Malawi mokha, pa Zomba, pa Malosa ndi pa Mulanje basi. Chodabwitsa chake n'chakuti ili pa mndandanda wa mbalame zomwe zili pangozi yotha, koma ukalowa m'kankhalango koyenera umaiona mosavuta. Si kuti ndi yamanyazi, kwawo ndiko kwachepa. Aphunzitsi aja atamva zimenezi anaiyang'ana nthawi yaitali kuposa anzawo, kenaka anati, "Ndaphunzitsa jogalafe zaka zonsezi, m'buku mulibe zimenezi."

Kukhwawa kuja linthumbu tinalipeza litasunthira kumunsi pang'ono. Ndinawauza kuti alowetse mathalauza m'masokosi, tikhale pansi chakutali, pakamwa potseka. Tinakhala. Kunabwera mbalame zina zodyera pomwepo, koma mwini nkhani zii. Dzuwa litayamba kulowerera m'masamba, mnyamata uja anatulutsa foni.

"Ankolo, bwanji tingoyiyimbira? Kulira kwake ndili nako apa, ibwera pompano."

Pamenepa ndiye pamene pamagona mkangano wa ntchito yathu. N'zoona, ukaliza mawu a mbalame pa sipika, yaimuna imaganiza kuti mnzake walowa m'dera lake, imabwera yolusa kudzamuthamangitsa, mlendo n'kujambula, aliyense n'kusangalala. Sindinganame kuti sindinachitepo, ndipo pa mbalame wamba nthawi yopanda mazira sindiona vuto lalikulu. Koma uno ndi Novembala, mvula yayandikira, mbalame za m'nkhalango zili pa zisa. Komanso malo oonera alethe pa Zomba ndi ochepa, ndipo tonse operekeza alendo timapita komweko. Aliyense akamaliza sipika, mbalame imodzimodziyo imathera m'mawa wonse kulimbana ndi mdani yemwe kulibe, m'malo modyetsa ana. Pamapeto pake imazolowera, n'kusiya kuyankha, kapena kusamuka. Ndinamuuza mnyamatayo kuti foni ibwerere m'thumba. Anakwinya nkhope. Bambo wamkulu uja anangoti chapansipansi, "Mwana wanga, kuona maso a nkhono n'kudekha."

Alethe ija inabwera cha m'ma 8 koloko, mosalengeza. Inatera pa kamtengo kogwa, chapafupi ndi pansi, n'kutambasula mchira mpaka timadontho toyera ta kunsonga tinaoneka, inadumphira pansi, inatola kanthu, n'kubwereranso pomwe inali. Inachita zimenezi kangapo. Mnyamata uja manja ankanjenjemera moti zithunzi zoyamba zonse zinali masamba okhaokha. Dzina la mbalameyi likuchokera ku Thyolo, koma nkhalango ya paphiri la Thyolo inadulidwa pafupifupi yonse n'kusanduka minda. Kumeneko yatsalira m'tinkhalango ta m'maesiteti a tiyi.

Lachitatu linali tsiku la khosi. White-winged apalis imakhala m'nsonga za mitengo italiitali, mkweranyani ndi mtangatanga, m'mphepete mwa mitsinje chakumunsi kwa phiri. Umayenda nkhope ili kumwamba mpaka msana kuwawa. Tinaimva kawiri konse, yaimuna ndi yaikazi zikuyankhizana, ndipo aphunzitsi aja anaona mchira wautali ukulowa m'masamba. Ndinawauza kuti inali yomweyo. Anakana kuilemba. "Mchira si mbalame," anatero, ndipo ndinawalemekeza nazo. Ndaperekezapo anthu olemba m'buku mbalame yomwe ndaiona ine ndekha iwo akumanga chingwe cha nsapato.

Lachinayi ndi Lachisanu tinali ku Liwonde. Kuchoka paphiri pozizira kufika kuchigwa cha Shire mwezi uno, thupi limadabwa. Paki ya Liwonde yakhala m'manja mwa bungwe la African Parks kuyambira 2015, ndipo popeza anabwezeretsamo akakwiyo a mtundu wa cheetah mu 2017 ndi mikango mu 2018, kuwonjezera pa njovu ndi njati, woona mbalame sangangotsika galimoto n'kulowa patchire mmene timachitira pa Zomba. Ukafuna kuyenda pansi umayenda ndi msilikali wa paki wa mfuti. Zimachedwetsa, koma asilikali amenewa ndi amene amagona m'tchiremo, ndipo ena mwa iwo makutu awo amaposa anga.

M'nkhalango ya tsanya tinapeza Lilian's lovebird, tizinkhwe tating'ono tobiriwira tofiira kumaso, tikutsikira pachithaphwi kudzamwa. M'Malawi muno kwawo kwenikweni ndi ku Liwonde. Timagona m'mphako za mitengo ya tsanya ikuluikulu, ndipo poti timamwa tsiku lililonse pa zithaphwi zomwezomwezo m'chilimwe, opha nyama mozemba akathira poizoni m'madzi kufuna agwape, timafa tambirimbiri nthawi imodzi. Dr Tiwonge Mzumara-Gawa anachita kafukufuku wa mbalame zimenezi konkuno, ndipo ndimakonda kutchula dzina lawo kwa achinyamata oganiza kuti sayansi ya mbalame ndi ya azungu.

Koma chomwe bambo wamkulu uja anabwerera chinali kadzidzi. Pel's fishing owl ndi kadzidzi wamkulu zedi, wotalika pafupifupi masentimita 60, wofiirira ngati dothi la katondo, wa maso akuda bii. Amadya nsomba. Usiku amakhala pa nthambi yoweramira pamadzi, nsomba ikayandama amaitsomphola ndi zikhadabo, ndipo miyendo yake ilibe nthenga kuti isamanyowe. Masana amabisala mkati mwa mtengo wa masamba ambiri m'mbali mwa mtsinje, ndipo ungathe kuima pansi pa mtengowo osamuona. Bambowa anandiuza m'boti kuti anakula akumugenda kadzidzi aliyense wotera padenga, poti kwawo ankati waitana maliro, ndipo akazi awo mpaka lero sakumvetsa kuti munthu angalipire ndalama kukafuna chinthu chimenechi.

Apanso wodziwa sanali ine. Woyendetsa boti, yemwe amadutsa mumtsinjemo m'mawa ndi madzulo, ndi amene anaona masiku apitawo mamba a nsomba ndi zitosi zoyera pansi pa mtengo wina. Lachinayi madzulo tinapita, tinapeza mtengo uli wokha. Lachisanu m'mawa anazimitsa injini patali, boti n'kumangoyenda ndi madzi, mvuu zikufwenthera kumbali. Sanaloze ndi chala. Anangoti, "Bwana, nthambi yachiwiri kumanzere, mkati." Bambo aja anayang'ana, anayang'ananso, kenaka ndinamva akupumira m'mwamba. Kadzidziyo anali atatiyang'ana kalekale. Sitinakhalitse. Mbalameyi ikaulutsidwa masana, nkhwazi ndi akhwangwala amaivutitsa, choncho tinabwerera chambuyo isanayambe kutekeseka.

Tisanafike n'komwe padoko, mnyamata uja anali atatsegula kale WhatsApp kuti atumize chithunzi pagulu la oona mbalame, pamodzi ndi malo enieni a pa mapu. Chithunzi ndinamulola, malo ndinamukaniza. Anati kubisa ndi kuumira, mbalame si ya munthu. Ali ndi mfundo, ndipo inenso zambiri zomwe ndikudziwa ndinachita kuuzidwa. Koma mtengo umenewo ukadziwika, maboti amayamba kuima pamenepo tsiku lonse, wina n'kuwomba m'manja kuti kadzidzi atsegule maso, ndipo pakutha pa mwezi wasamuka. Woluza woyamba ndi woyendetsa boti uja, amene anaupeza. Ofuna kumuona abwere, awapititsa yekha mwakachetechete, naye apezepo ya sopo.

Loweruka tinatsikira ku Chilwa kudzera ku Kachulu. Nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndi yosaya, ndipo imaphwa: inauma mu 1968, mu 1995, ndipo mu 2018 anthu ankayenda pansi pamene pankadutsa mabwato. Mu 1997 inakhala malo oyamba m'Malawi kulowa m'pangano la Ramsar loteteza madambo, makamaka chifukwa cha mbalame za m'madzi. Komanso ndi malo amene mbalame zimaphedwa zochuluka, ndi misampha, ulimbo ndi mfuti, makamaka nsomba zikasowa. Amene anatipalasa m'ngalande za m'njedza ndi mmodzi mwa osaka mbalamewo. Aphunzitsi aja atadziwa anakhumudwa, anandinong'oneza kuti tikulipira mdani. Ndinawapempha kuti ayambe amumvera kaye. Munthuyo mayina a m'buku sawadziwa, koma nditamuonetsa chithunzi cha African pygmy goose, kabakha kakang'ono kokonda malo a maluwa a m'madzi, anangogwedeza mutu n'kutembenuza bwato. Anatiuza mwezi umene timachuluka, chomwe timadya, ndi chifukwa chake chaka chino tasunthira mbali ina. Tinationa tiwiri, kenaka lesser jacana ikuyenda pamwamba pa masamba oyandama, yomwe sinali n'komwe pa kapepala. Pobwerera tinadutsa zimbowera za asodzi, utsi wa matemba uli tolo, aphunzitsi aja ali kalikiliki kumufunsa mafunso mpaka padoko. Sindikunena kuti tsiku limodzi lopalasa alendo lingamusiyitse misampha. Ali ndi ana, ndipo alendo ku Kachulu sabwera sabata iliyonse.

Lamulungu nditachoka kutchalitchi ndinakhala pansi kuwerengera. Pa ndalama yomwe alendo anandipatsa panachoka ya mafuta, ya woyendetsa boti, ya wopalasa bwato, ya mayunitsi oimbira anthu onsewa, ndipo yotsala inali yocheperapo kuposa mmene anansi anga amaganizira akandiona ndikukwera galimoto ya alendo. Kenaka ndinalowetsa mndandanda wa sabata yonse pa eBird, tsamba la pa intaneti lomwe oona mbalame amalembapo zimene aona, kuti ofufuza adziwe kuti alethe ikadalipo pa Zomba chaka chino. Kadzidzi ndinamulemba pansi pa dzina la paki yonse, osati pa mtengo wake. Aphunzitsi aja atumiza kale uthenga kuti sukulu akatsekera mu Disembala abweranso, tsiku limodzi lokha, kudzamalizana ndi white-winged apalis.