Masomphenya a bizinesi muwalembe m'mathireyi a mazira, osati m'makwacha

Mukafunsa munthu amene wangoyamba kuweta nkhuku kuti bizinesi yake akufuna idzafike pati, nthawi zambiri amayankha kuti "idzakule basi." Yankho limeneli silingakuthandizeni tsiku limene m'thumba muli ndalama ya matumba asanu a chakudya cha nkhuku, alamu anu n'kubwera ndi nkhani yoti kabaza wa njinga yamoto akulipira bwino. Masomphenya ndi chiganizo chimodzi chokuuzani choti muvomere ndi choti mukane. Pano titenga chitsanzo cha nkhuku zoikira mazira chifukwa masamu ake sabisika, koma wa chigayo, telala ndi wa golosale angayende njira yomweyi.

Chiganizocho chinene chimene mukugulitsa, amene azigula, kuchuluka kwake ndi nthawi yofikirapo. Mwachitsanzo: "Pomatha zaka zitatu tizipereka mathireyi 20 a mazira tsiku ndi tsiku kwa eni magolosale, ophika buledi ndi anyamata a pachiwaya a pa boma pano, mazira osagonera masiku opitirira awiri." Mwaona kuti mulibe kwacha m'menemo. N'zadala. Mu May 2022 kwacha inagwa ndi 25 peresenti, mu November 2023 inagwanso ndi 44 peresenti. Amene analemba kuti akufuna azipeza ndalama zakutizakuti pamwezi akhoza kuzifikira lero koma akugula matumba ochepa kuposa kale. Thireyi ndi mazira 30 chaka chino, idzakhala mazira 30 chaka chamawa.

Mukalemba, yambani kuwerengera chobwerera m'mbuyo, ndipo apa m'pamene pali ntchito yeniyeni. Mathireyi 20 ndi mazira 600. Nkhuku siziikira zonse tsiku lililonse. M'khola losamalidwa bwino muyembekezere mazira 80 pa nkhuku 100. Ndiye kuti mukufunika nkhuku 750. Nkhuku imodzi yoikira imadya magalamu 110 mpaka 120 patsiku, kutanthauza makilogalamu pafupifupi 86 pa zonsezo, matumba a makilogalamu 50 oposa pang'ono 50 pamwezi. Madzi ndi pafupifupi mgolo wa malita 200 tsiku lililonse, ndipo m'chilimwe umachepa. Ngati mukuweta pa utuchi, ikani nkhuku zisanu pa sikweya mita, choncho malo onse a khola akwane ngati mamita 10 m'lifupi ndi 15 m'litali. Tsopano tulukani panja muyang'ane poloti yanu. Kodi khola lotero likwanapo? Kodi madzi mukatunga kumjigo umene pamakhala mzera wa zidebe kuyambira mbandakucha? Ngati yankho likuvuta, kugula malo kapena kukumba chitsime kwalowa kale m'masomphenya anu, ndipo ndi bwino kudziwa lero anapiye asanabwere.

Mawu oti "tsiku ndi tsiku" aja nawonso ali ndi mtengo wake. Nkhuku zimayamba kuikira zikakwana masabata 18 mpaka 20, ndipo zikamafika masabata 72 mpaka 80 mazira amachepa moti zimangodya phindu, n'kuyenera kugulitsidwa za ndiwo. Mukagula anapiye onse 750 nthawi imodzi, zidzakalambanso nthawi imodzi, ndipo mudzakhala miyezi inayi kapena isanu mulibe ndi dzira limodzi lomwe. Wophika buledi sadikira. Apeza wina, ndipo kumubweza n'kovuta. Gulani m'magulu anayi a nkhuku 250, olowa motalikirana miyezi inayi kapena isanu, kuti atatu aziikira pamene limodzi likukula (malo ndi chakudya cha gulu likukulalo n'zowonjezera pa zimene tawerengera), gulu lililonse m'chipinda chakechake kuti zazikulu zisapatsire matenda anapiye.

Zaka zitatu n'zazitali kuti munthu azingoziyang'ana patali, ziduleni. Ngakhale masomphenya a dziko, Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu January 2021, anawadula n'kuyamba ndi ndondomeko ya zaka khumi, 2021 mpaka 2030. Inu chaka choyamba wetani nkhuku 100 zokha. Zikupatsani mathireyi awiri ndi mazira 20 patsiku, thumba limodzi likutha masiku anayi. Cholinga cha chaka chimenechi si kulemera ayi, koma kudziwa ngati mungasunge anapiye osafa, ngati mukutsata katemera wa chitopa ndi gumboro pa masiku ake, komanso kupeza makasitomala asanu obwera mlungu uliwonse. Chaka chachiwiri mukwere pa 250 kapena 500, chachitatu mufike pa 750. Kulembetsa dzina la bizinesi, kutenga nambala ya msonkho (TPIN) ku MRA ndi laisensi ya khonsolo muziike m'chaka choyamba kapena kumayambiriro kwa chachiwiri, chifukwa sukulu zogonera komweko ndi mashopu akuluakulu amafuna mapepala asanakupatseni oda.

Chimene chimapha masomphenya ambiri si chitopa. Ndi maso. Woyandikana nanu wagulitsa nkhuku za nyama za masabata asanu ndi limodzi pa Khirisimasi, ndalama yabwera kamodzi n'kamodzi, inu mtima wadumpha. Ndalama imene munasungira gulu lachiwiri la anapiye mwaiponya kumeneko, mu January msika wazirala, nkhuku zikungodya. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Nkhuku za nyama si zoipa, koma sizili m'chiganizo chanu chija. Mwayi uliwonse ukabwera, ufunseni funso limodzi: kodi ukundiyandikiza ku mathireyi 20? Kugula chimanga ndi soya wambiri mu May ndi June, mitengo itatsika pokolola, kukuyandikizani, chifukwa pofika January ndi February chakudya chimakwera. Sola yowunikira m'khola ikuyandikizani, poti nkhuku zoikira zimafuna kuwala kwa maola pafupifupi 16 ndipo magetsi akamathimathima mazira amatsika. Minibasi yakutha ya msuweni wanu siikuyandikizani.

Chachiwiri ndi kudya mpamba. Mazira amabweretsa ndalama tsiku lililonse, ndiye imaoneka ngati yambiri, pamene gawo lalikulu ndi la thumba la mawa. Apa masomphenya ayenera kudziwika ndi onse a m'nyumba. Khalani pansi ndi akunyumba kwanu, muwerenge chiganizocho pamodzi, mugwirizane malipiro anu a pamwezi ndi mazira angati olowa kukhitchini pa mlungu. Ndalama ya bizinesi ikhale ndi nambala yakeyake ya Airtel Money kapena Mpamba, yosiyana ndi ya fizi, maliro ndi chinkhoswe. Za ngongole, katapila sagwirizana ndi nkhuku zoikira: iye akufuna yake pakutha pa mwezi, anapiye anu akufuna miyezi isanu asanabweze kalikonse. Ngakhale ya banki m'khonde, yang'anani tsiku lobwezera musanaitenge. Ikuyenera matumba a nkhuku zimene zayamba kale kuikira, osati anapiye a tsiku limodzi.

Chiganizocho chilembeni patsamba loyamba la kope limene mumalembamo mazira otoledwa, osweka, nkhuku zakufa ndi matumba otsegulidwa. Pakatha miyezi itatu iliyonse fananizani. Mukapeza kuti nkhuku 100 zikupereka mazira 60, musawonjezere anapiye. Fufuzani kaye chakudya, madzi, kuwala ndi nyongolotsi. Mukapeza kuti magolosale a pa boma panu sangamalize mathireyi 20 patsiku, sinthani chiwerengerocho kapena onjezani msika wa tauni yoyandikana, mulembe tsiku limene mwasintha ndi chifukwa chake pansi pa chiganizo chakale, osachifufuta.