Lachinayi, tsiku limene ndaonera La Promesse

Lero ndinaweruka msanga chifukwa cha mvula. Nditafika kunyumba ndinatereka tiyi n'kuika filimu imene yakhala pa fulashi mwezi wathunthu, La Promesse ya mu 1996, yopangidwa ndi pachibale awiri a ku Belgium, Jean-Pierre ndi Luc Dardenne. Ndi ya Chifalansa, ndiye ndimatsatira mawu olembedwa m'munsi.

Nkhani yake ikuchitikira ku Seraing, tauni ya mafakitale kufupi ndi Liège. Igor ndi mnyamata wa zaka 15. Bambo ake, Roger, amadyera masuku pamutu anthu olowa m'dzikomo opanda mapepala. Amawaunjika m'zipinda zothaitha, kuwalipiritsa lendi, kenaka kuwagwiritsa ntchito yomanga. Tsiku lina kutabwera oyendera ntchito a boma, Amidou wa ku Burkina Faso anagwa kuchokera pamwamba pofuna kubisala. Igor anavula lamba wake n'kumanga mwendo wa munthuyo kuti magazi aleke kutuluka. Bambo ake anamasula lambayo. Apa ndinayamba ndaimitsa filimu, mtima ukugunda.

Asanatsirizike, Amidou anapempha Igor kuti asamalire mkazi wake Assita ndi khanda lawo, Igor n'kuvomera. Mtembo anaukwirira ndi simenti. Palibe anabuma, palibe anatumiza uthenga kumudzi. Roger ananamiza Assita kuti mwamuna wake wathawa ngongole.

Chimene chandipweteka kwambiri n'chakuti Roger amamukonda mwana wake. Anamupatsa mphete yofanana ndi yake, amaimba naye limodzi mu bala. Kuti Igor asunge lonjezo lija, ayenera kukana bambo womubala. Mufilimu monse mulibe nyimbo yoti ikuuze nthawi yolira, kamera imangomulondola mnyamatayo kumbuyo.

Pomaliza, ali pa siteshoni ya sitima, Igor anaulula kuti Amidou anamwalira. Assita sanakuwe. Anavula duku, n'kutembenuka, Igor n'kumutsatira.

Achimwene anga ali ku Joni chaka chachinayi tsopano, nawonso ntchito yomanga, mapepala anatha kalekale. Ndinawaimbira pa WhatsApp cha m'ma 8 koloko. Ndinawafunsa kuti, "Achimwene, mutavulala kuntchitoko, angatiuze ndani?" Anakhala chete pang'ono, kenaka anandipatsa nambala ya mnzawo wa kwathu konkuno amene amagona naye chipinda chimodzi. Ndailemba kuseri kwa chikuto cha Baibulo la amayi.