Magalasi a ababa anatifikitsa ku Borrowdale

Loweruka usiku. Ndatopa ngati ndalima, koma ndilembe kaye ndisanagone poti mawa kutchalitchi ndiye ziuluka zonse.

Magalasi a ababa anathyoka mwendo mwezi watha, akhala akumanga ndi ulusi wakuda, ndipo Baibulo akumaliwerenga atalitalikitsa ngati likununkha. Ndiye lero ndinati basi tipite. Kunazizira m'mawa, June wa ku Harare mukumudziwa, iwo anatulukira ndi jekete ija ya Lamulungu ndi chipewa chaubweya. Tinanyamuka ku Mabvuku cha m'ma 7, kombi mpaka Fourth Street, kenako wapansi pang'onopang'ono chifukwa bondo lawo masiku ano silifuna zothamanga.

Dokotala wawo wa maso wakhala ali m'tauni zaka zambirimbiri, pa nyumba ina yosanja, pamwamba pachitatu. Lifiti yakufa. Tinakwera masitepe, ababa kupuma pakona iliyonse atagwira khoma, tikufika pamwamba chitseko chotseka, pepala lomata ndi selotepi akuti tinasamukira ku Borrowdale, dera la olemera lija kunja kwa tauni. Aaa. Kulakwa ndi kwanga ndithu, nambala ndinali nayo mufoni koma sindinaimbe. Ababa anangondiyang'ana kudzera pagalasi lopendekeka lija nkuti "mwana iwe, foni yakoyo ndi ya WhatsApp basi eti?"

Potsika mpamene ndinaonetsetsa zomwe zachitika mnyumbamo. Pansi ponse adulamo timashopu ndi mabolodi ndi magalasi, kalikonse kukula ngati bafa, wina makava a foni, wina mawigi, wina nsapato zochokera ku Zambia ndi ku Tanzania, nyimbo kulira mbali zonse. Ndipo pakhomo alembapo kuti mall kkkk. Tauni yonse yangokhala choncho tsopano. Ababa akuti kale umati ukalowa m'mashopu akuluakulu a Barbours kapena Greatermans umayamba wapukuta nsapato, lero pa First Street ukudumpha tomato ndi mabuku a sukulu oyalidwa pansi. Ine sindinyoza ogulitsawo ayi, mlamu wanga naye ali pompo ndipo ana akuphunzira ndi ndalama yomweyo. Koma amene ali ndi galimoto safunanso kulimbana ndi mushikashika (timagalimoto tonyamula anthu popanda chilolezo), kusowa popaka, nkubwera kupeza tayala lamangidwa. Anathawa, ndipo madokotala, maloya, mabanki ndi maofesi anawatsatira komweko.

Tinabwerera ku renki nkukwera ya ku Hatcliffe. Hwindi, kondakitala wa kombi, analibe tchenji monga mwa masiku onse, ndiye anatikwatitsa ndi mayi wina pa dola imodzi, mukagawane nokha potsika. Mayiyo anali wabwino, anangogula nthochi ziwiri pamsewu nkutipatsa imodzi, nkhani yatha.

Mumsewu wa Borrowdale ababa anayamba kulankhula, ndipo akayamba zakale sasiya. Iwo anabwera kuno kuchokera ku Dedza ali mnyamata, nthawi ya ulamuliro wa Ian Smith, nkugwira ntchito ya m'gadeni mbali yomweyi zaka zoposa makumi awiri. Mabvuku ndi Tafara kwathu kuja paja anamangira anthu ngati iwowa, makhukhi ndi a m'gadeni ogwira mnyumba za azungu ku Highlands, Greendale ndi uko, nchifukwa chake mpaka lero Chichewa ndi gule wamkulu sizisowa kumeneko. Ndiye amaloza pawindo, apa panali tchire, apa mahatchi amadya msipu, apa panali nyumba ya dona wina wa agalu asanu. Pano ndi mageti okhaokha okhala ndi zikwangwani, iyi sukulu ya mkaka, iyi malo ogulitsira magalimoto, iyi kiliniki, iyo resitilanti, iyo filing'i sitesheni yatsopano pomwe ina ili kutsidya kwa msewu.

Mall ya Sam Levy's Village akuti anaiona ikumangidwa, inatsegulidwa 1990, ndipo anthu ankaseka kuti ndani angasiye tauni kukagula kutchire. Mwini wakeyo anaimanga ngati kamudzi ka ku England, ndi kansanja ka wotchi, alonda atavala ngati apolisi a ku London. Anamwalira 2012 koma taonani zomwe anayambitsa. Pambali pake pamera Village Walk, kuseri maofesi, kutsogolo ku Pomona mashopu a zomangira, moti sudziwanso kuti mall yathera pati ndipo msewu wayambira pati. Ndi tauni ina payokha, kungoti ilibe renki yooneka. Ndipo si kuno kokha. Westgate inabwera 1997, Long Cheng Plaza 2013 pafupi ndi National Sports Stadium, padambo pomwe anthu a zachilengedwe anakuwa mpaka mawu kutha, Highland Park 2022 mu Enterprise Road, kwinaku Madokero. M'tauni mwenimweni zomwe ndingatchule ndi Eastgate ya 1996 ija anaimanga motengera chulu kuti izidzizizira yokha, ndi Joina City ya 2010 yomwe inatenga zaka ndi zaka kuti ithe.

Anthu amafunsa kuti dziko lomwe aliyense akulira ndalama, ma mall akumera bwanji ngati bowa. Ine maganizo anga ndi akuti amene anapsa ndalama zitatha mphamvu mu 2008, nkupsanso 2019, ndalama sasunganso kubanki. Ndalama ya ZiG inabwera mu April 2024 koma ngakhale a mapenshoni ndi a inshuwalansi akuona bwino kuika chuma mu njerwa, lendi nkumalandira ya madola. Kuonjezera apo ku ma mall kumeneko amakumba mjigo wawo, sola padenga, jenereta kuseri, ndiye madzi akasowa kapena magetsi akazima iwo ntchito ikuyenda. Tauni ingapikisane nazo bwanji lifiti ili yakufa.

Chomwe chimandiwawa nchakuti malo onsewa anawamangira munthu wa galimoto. Kombi inatitsitsa pamsewu waukulu, kuwoloka kwake ndi ababa inali nkhondo, magalimoto akuluakulu aja sachepetsa liwiro, ndinachita kukweza dzanja ngati wapolisi. Kenako kuyenda m'mbali mwa mpanda pafumbi, njira ya wapansi palibe, koma malo opakira magalimoto ndi bwalo la mpira. Atsikana a pa tilu, alonda, otsuka mbale m'maresitilanti onsewo amachokera ku Hatcliffe, Mabvuku, Epworth, Chitungwiza, ena makombi awiri kupita awiri kubwera, malipiro kuthera panjira.

Dokotala tinamupeza kutatsala mphindi zochepa kuti atseke, poti Loweruka ndi hafu deyi. Ali mnyumba yakale yokhalamo anthu, chipinda chogona ndiye chopimira maso. Zinayenda bwino, magalasi tikatenge Lachinayi, mtengo wake ndisanene, lendi ya ku Borrowdale tailipira nawo.

Potuluka ababa anati tisabwerere njira yomwe tadzera, tikhote apa. Ndinadandaula za bondo koma anali atatsogola kale. Tinayenda mwina mphindi khumi nkuima pa geti lina, mkati maofesi, kapinga yense anachotsa nkuyala njerwa zopakirapo magalimoto. Anangoti "ndi pano." Nyumba yomwe anagwirako ntchito. Khichini ija pano ndi risepishoni, kanyumba kakuseri komwe ankagona ndi amayi asanapeze ya ku Mabvuku aikamo jenereta. Maluwa awo onse kulibe. Koma pakona mtengo wa mapeyala ulipo, waukulu kuposa denga, auzunguliza ndi simenti ndipo pansi pake papakidwa Fortuner yoyera. Akuti nthangala yake anachita kubwera nayo mthumba kuchokera ku Mbare Musika, bwana anakana kuti udzagwetsa mpanda, iwo anadzala usiku.

Mlonda anabwera kudzafunsa m'Chishona kuti sekuru mukufuna ndani. Ababa poyankha, Chishona chawo chija cha ku Dedza chinawaulula, mnyamatayo anaseka nkusintha pompo, "agogo, kwanu nkuti?" Kumeneko agogo ake ndi a ku Ntcheu, iye anabadwira ku Hatcliffe, ku Malawi sanapondeko. Anacheza ngati anadziwana kale, za CCAP, za mfunda, mpaka kupezana kuti amayi ake ndi a Phiri ngati ife. Atamva za mtengowo analowa, nkubwera ndi ndodo yaitali ya chitsulo yomwe amabisa kuseri kwa kanyumba kake. Akuti ogwira muofesimo amalimbirana mapeyalawo chaka chilichonse, mabwana amatumiza madalaivala ndi majumbo. Anagwetsa anayi, limodzi linamenya boneti ya Fortuner ija, tonse tinangoti zii kudikira alamu, siinalire.

Pobwerera tinadutsa pa mall kuti ababa akhale pansi pang'ono. Ndinawagulira tiyi, ataona mtengo wake anafuna kubweza. Shuga ndi mafuta tinakagula m'matakishopu a kumunsi kwa tauni monga kale, kumeneko ndiye dola imatambasuka. Mu kombi ya ku Mabvuku anagona mutu uli paphewa langa, jumbo ya mapeyala ataikumbatira pamiyendo, hwindi atafuna kuiika kumbuyo anadzuka nkukana. Tafika kuli mdima, magetsi kulibe. Mapeyala awakwirira mu ufa kuti apse msanga, ndipo alamula kuti wina asakhudze mpaka Lachinayi, akufuna adzawaone bwinobwino ndi magalasi atsopano.